KULIPIRA NDI KHADI LA BANKI: PHUNZIRO LA OGULA NDI OGULITSA

Anthu ambiri a m'midzi ya ku Chipata, Katete, Petauke ndi Chadiza ali ndi ana kapena abale okhala m'makomboni a Lusaka, monga Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George. Mkulu wa kumudzi akapita kukaceza kumeneko aona cinthu codabwitsa. Mwana wace alowa m'sitoro yaikuru, atenga thumba la ufa, sopo ndi mafuta, naturuka osapereka ngwee ngakhale imodzi. Angoonetsa kakhadi kolimba, wogulitsa akalowetsa m'kamakina, ndipo malonda atha. Anthu a m'tauni macitidwe amenewa awacha kuswaipa. Tsono funso ndi ili: kodi ndalamazo zaturuka kuti, ndipo zalowa kuti?

Funsoli liyenera kuyankhidwa bwino, pakuti milandu yambiri ya pa malonda otere ibadwa cifukwa ca kusadziwa. Wogula anena kuti walipira, wogulitsa anena kuti sanalandire, ndipo nthawi zina onse awiri anena zoona. Enanso aberedwa malipiro a mwezi wathunthu cifukwa sanadziwe cimene ayenera kubisa. Phunziro lino lilongosola njira imene mau ndi ndalama ziyendamo, kuti wogula ndi wogulitsa yemwe adziwe pamene ndalama ziri pa nthawi iri yonse.

1. M'khadi mulibe ndalama

Coyamba kucidziwa ndi ici: m'khadi mulibe ndalama. Ndalama ziri ku banki, zolembedwa pa dzina la mwini wace, ndipo malo ace m'mabuku a banki achedwa akaunti. Khadi lifanana ndi kiyi wa nyumba. Wotaya kiyi sanataye katundu wace, koma akacedwa kusintha loko, wotola kiyiyo adzalowa.

Pa khadi pali nambala yaitali, kawirikawiri ya manambala 16, ndi mwezi ndi caka cimene khadilo lidzatha mphamvu. Manambala oyamba asonyeza banki imene idapereka khadi ndi kampani imene inyamula mauthenga ace: makhadi a Visa ayamba ndi 4, ndipo a Mastercard ayamba ndi 5 kapena 2. Palinso kacitsulo konyezimira, ndimo muli zizindikiro zobisika zotsimikiza kuti khadilo si lonyengezera. Kumbuyo kuli mzere wakuda ndi manambala 3 ogwira nchito pogula pa intaneti. Cinthu cimodzi cokha sicilembedwa pa khadi, ndico nambala yacinsinsi yochedwa PIN, imene mwini khadi aisunga m'mutu.

Makhadi ali a mitundu iwiri. Ambiri m'Zambia ndi a debiti, ndiwo otapa ndalama zimene munthu ali nazo kale m'akaunti. Zikatha, khadi likana. Ena ndi a ngongole, ndiwo otapa ndalama za banki, zimene munthu azibweza pambuyo pace, ndipo akacedwa kubweza, ciongoladzanja cikula mwezi ndi mwezi. Wolandira khadi afunse ku banki kuti lace liri la mtundu uti.

2. Kumene macitidwe awa adacokera

Kale mwini sitoro anali ndi buku la ngongole, ndipo ankakongoza anthu okhawo amene ankawadziwa nkhope. Khadi lidabwera kuti munthu akhulupiridwe ngakhale kumene sadziwika. M'caka ca 1950, ku New York, Frank McNamara ndi anzace adayambitsa khadi la Diners Club, lakuti munthu adye m'nyumba zodyera nalipire pa kutha kwa mwezi. Mu 1958 Bank of America idatumiza makhadi ace kwa anthu a mzinda wa Fresno ku California, ndipo khadi limenelo lidasanduka Visa mu 1976. Mabanki ena adagwirizana mu 1966 kupanga lao, ndilo lochedwa Mastercard lero.

Ku England banki ya Barclays idaturutsa khadi lace mu 1966, ndipo m'Juni 1967 idaika makina oturutsa ndalama ku Enfield, kumpoto kwa London, miyezi yowerengeka Kwacha isanayambe kugwira nchito m'Zambia m'Januwale 1968. Banki yomweyo idagwira nchito m'dziko lino zaka zambiri, ndipo mu 2020 Barclays ya m'Zambia idasintha dzina kukhala Absa. Kacitsulo konyezimira kadacokera ku nzeru ya anthu angapo, mmodzi wa iwo Roland Moreno wa ku France, amene adalembetsa luso lace mu 1974. Kadafala cifukwa mbala zidaphunzira kukopera mzere wakuda uja, pamene kacitsuloko nkobvuta kukopera.

3. Ankhoswe awiri

Wowerenga adziwa kuti pa ukwati mwamuna ali ndi nkhoswe yace, mkazinso ali ndi yace, ndipo zikabvuta ndi ankhoswewo amene akhala pansi. Malonda a khadi ali cimodzimodzi. Wogula ali ndi banki yace, imene idampatsa khadi ndi kusunga ndalama zace. Wogulitsa alinso ndi banki yace, imene idampatsa makina ndi kulonjeza kumtolera ndalama. Wogula ndi wogulitsa sadziwana ndipo sapatsana kanthu m'manja; ali yense akhulupirira banki yace, ndipo mabanki awiriwo akhulupirirana mwa pangano.

Pakati pa mabanki payenda mthenga. Mithenga yochuka pa dziko lonse ndiyo Visa ndi Mastercard. Makampani awa sasunga ndalama za wogula, angonyamula mau ndi kuika malamulo a malondawo. Kale munthu akagula ku Matero ndi khadi la banki ina pa makina a banki inzace, uthenga unkaturuka kunja kwa dziko ndi kubwerera, ndipo mabanki ankalipira ulendowo ndi ndalama zakunja. Cifukwa cace Bank of Zambia ndi mabanki ena adakonza mthenga wa m'dziko momwe muno, wochedwa National Financial Switch, woyendetsedwa ndi Zambia Electronic Clearing House Limited. Adayamba nchito mu 2018 ndi makina oturutsa ndalama a ATM, pambuyo pace adalumikiza makina a m'masitoro ndi ndalama za pa foni. Koma khadi la mlendo wocokera kunja lidzerabe njira ya makampani akuru aja.

4. Ulendo wa mau

Wowerenga ayerekeze mai wa ku Chawama amene wagula katundu wa K350. Khadi lace nla Zanaco, ndipo makina a sitoroyo nga Stanbic. Wogulitsa alemba K350 pa makina, maiyo ayang'ana ngati mtengo uli woona, alowetsa khadi, nalemba PIN yace. Makina awerenga kacitsulo, natumiza uthenga pa netiweki, monga icitira foni, kunka ku banki ya sitoro. Banki ya sitoro ipereka uthengawo kwa mthenga wapakati, ndipo mthengayo, poona manambala oyamba a khadi, aupititsa ku banki ya maiyo.

Kumeneko kompyuta ya banki ifunsa mafunso angapo. Kodi khadili nlenileni, ndipo silinathe mphamvu? Kodi mwini wace sananene kuti lidataika? Kodi PIN iri yoona? Kodi m'akaunti muli K350? Kodi maiyu sanapitirire malire a ndalama zimene aloledwa kugulira pa tsiku limodzi? Zonse zikakhala bwino, banki ipatula K350 m'akaunti, nibweza yankho njira yomweyo. Makina aturutsa lisiti lolembedwa mau a Cingerezi akuti APPROVED, ndiko kunena kuti kwabvomerezeka. Cimodzi cikalakwika, alemba DECLINED, ndiko kunena kuti kwakanidwa. Ulendo wonsewu utha wogulitsa asanamalize kulonga katundu m'thumba.

Makhadi ambiri a masiku ano angogunditsidwa pa makina osalowetsa, ndipo pa katundu wa mtengo wocepa makina sangafunse PIN. Malire a mtengo wotere aikidwa ndi banki, ndipo mwini khadi ayenera kuwadziwa, pakuti wotola khadi lotere akhoza kugulira tinthu tating'ono kufikira mwini wace ataliletsa.

5. Ulendo wa ndalama

Apa ndi pamene ambiri asokonezeka. Lisiti likaturuka, ndalama zacoka kwa wogula, koma sizinafike kwa wogulitsa. Mau akuti APPROVED ndi lonjezo la banki ya wogula kuti idzalipira. Mai uja apita ndi katundu wace, ndipo mwini sitoro atsala ndi lonjezo m'manja.

Pa kutha kwa tsiku malonda onse a pa makina asonkhanitsidwa, ndipo mabanki awerengerana. Satumizirana ndalama za malonda amodzi amodzi ai. Mwa citsanzo, ngati anthu a banki yoyamba agula katundu wa K900,000 pa makina a banki yaciwiri, ndipo anthu a banki yaciwiri agula wa K700,000 pa makina a yoyamba, ndalama zoyenda ndi K200,000 zokha. Zimenezi zicotsedwa m'akaunti ya banki ina ndi kuikidwa m'akaunti ya inzace ku Bank of Zambia, pakuti iyo ndiyo banki ya mabanki, ndipo lamulo la National Payment Systems Act la 2007 lidaipatsa udindo woyang'anira njira zolipirana. Mwini sitoro kawirikawiri aona ndalama zace patapita tsiku limodzi kapena awiri a nchito, monga mwa pangano lace ndi banki. Malonda a Loweruka akhoza kuyembekeza kufikira Lolemba kapena Laciwiri.

Ndiponso salandira zonse. Banki yace icotsa kagawo pa malonda ali onse. Wowerenga ayerekeze kuti pangano linena K2 pa K100 iri yonse: pa K350 pacoka K7, ndipo mwini sitoro alandira K343. K7 imeneyo igawidwa patatu: gawo lina lipita ku banki ya wogula, lina kwa mthenga wapakati, lotsala nla banki ya sitoro. Motero wolipira nchitoyi ndiye wogulitsa. Mu 2018 Bank of Zambia idaletsa mabanki kulipiritsa anthu zolipira zingapo zimene idaziona zosayenera, ndipo cimodzi mwa izo cinali kulipiritsa mwini khadi pogula pa makina a m'sitoro. Mapangano a mabanki ndi eni masitoro kawirikawiri aletsanso kuonjezera mtengo cifukwa ca khadi. Wogula akauzidwa kuti aonjezere kanthu, ali ndi ufulu wa kufunsa cifukwa cace ndi kukauza banki.

6. Cifukwa ninji kantemba alibe makina?

Makina a khadi apezeka m'masitoro akuru monga Shoprite, imene idafika m'Zambia mu 1995, pothirira mafuta a garimoto, m'masitoro a mankhwala ndi kwa ogulitsa zipangizo zomangira nyumba. Koma mai wogulitsa tomato ku Kanyama, kapena mwini kantemba wa ku George amene agulitsa ufa wa m'timapepala tochedwa pamela, kawirikawiri afuna ndalama za m'manja. Iye sacita ici cifukwa ca umbuli, wawerengera.

Phindu lace nlocepa. Ngati pa katundu wa K100 apindula K8, ndipo banki icotsa K2, gawo limodzi mwa magawo anai a phindu lace lapita. Caciwiri, iye adzuka m'bandakuca kukaoda ku Soweto Market, kumene alimi ndi eni magarimoto afuna kulipidwa pomwepo. Ndalama zimene zidzafika mkuja sizimthandiza lero. Akuluakulu adati, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Cacitatu, banki isanapereke makina kawirikawiri ifuna akaunti ya malonda, kalata ya kulembetsa malondawo ku PACRA, ndi nambala ya msonkho ya ku ZRA yochedwa TPIN, ndipo ogulitsa ang'ono ambiri alibe zimenezi. Cifukwa cace m'makomboni ndalama za pa foni, monga Airtel Money ndi MTN Mobile Money, zidafala msanga koposa khadi, pakuti zifika pa foni ya wogulitsa nthawi yomweyo, ndipo timisasa totapira ndalamazo tiri pafupi ndi msika uli wonse.

Komabe wamalonda amene sitoro yace yakula apeza zabwino zinai m'makina a khadi. Sagona ndi ndalama zambiri m'nyumba, zimene ziitana mbala. Sabvutika kufuna cenji. Salandira ndalama zonyengezera. Ndipo malonda ace onse alembedwa ku banki, kotero kuti tsiku limene adzapempha ngongole yokulitsira sitoro, mabuku a banki adzamcitira umboni. Wamalonda ali yense ayese zabwinozi pamodzi ndi kagawo kamene banki icotsa, ndipo afunse mabanki awiri kapena atatu asanasaine, pakuti mitengo yao isiyana.

7. Makina akakana

Uthenga uyenda pa netiweki, ndipo netiweki idalira magetsi. Mu 2024, pamene cilala cidacepetsa madzi a m'nyanja ya Kariba, magetsi ankazima maora ambiri tsiku liri lonse m'Lusaka, ndipo netiweki inkabvuta m'malo ambiri. Nthawi zotere funso likhoza kufika ku banki ya wogula, ndalama nizipatulidwa, koma yankho nkutaika pa njira. Foni ya wogula imuuza kuti ndalama zacoka, pamene makina a sitoro anena kuti kwakanidwa.

Pamenepo wogula asakangane ndi wogulitsa, pakuti ndalamazo sizinalowe m'sitoro, zaima pakati. Atenge lisiti la kukanidwalo, asunge uthenga wa pa foni, ndipo asafulumire kuswaipa kaciwiri asanaone zimene zatsala m'akaunti. Kawirikawiri ndalama zibwerera zokha patapita maora kapena masiku. Zikapanda kubwerera, apite kwa nkhoswe yace, ndiyo banki imene idampatsa khadi, atanyamula lisiti ndi citupa cace ca NRC, nalembetse dandaulo ndi kulandira nambala yace. Banki ikalephera kumthandiza, akhoza kukadandaula ku Bank of Zambia kapena ku Competition and Consumer Protection Commission, bungwe loteteza ogula. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Wogulitsa nayenso ali ndi lamulo lace: asapereke katundu kufikira makina ace a iye mwini atabvomera. Uthenga umene wogula amuonetsa pa foni si umboni wokwanira, pakuti ukhoza kukhala woona ndalama zisanafike, ndiponso acinyengo adziwa kulemba mauthenga abodza. Asunge malisiti ace miyezi ingapo, cifukwa mwini khadi akakana ku banki yace kuti sanagule, banki ya sitoro idzafuna umboni, ndipo umboni ukasowa ndalama zikhoza kucotsedwanso m'akaunti ya sitoro. Wogula akabweza katundu, ndalama zibwezedwe pa khadi lomwelo.

8. Kusunga PIN

Banki siona nkhope ya munthu woima pa makina. Iona khadi ndi PIN, ndipo ali yense wokhala nazo zonse ziwiri imuyesa mwini wace. Cifukwa cace mbala zifuna PIN koposa china ciri conse, ndipo njira zao zidziwika. Ena aimba foni nadzicha anchito a banki, nanena kuti akaunti idzatsekedwa ngati munthu sachula PIN kapena nambala imene yangofika pa foni yace. Banki yoona sifunsa zimenezi ai. Ena aima pafupi ndi ATM ngati ofuna kuthandiza okalamba, naloweza PIN, nasinthanitsa khadi ndi lina lofanana nalo. Enanso atenga khadi kunka nalo kuseri ndi kulemba manambala a kutsogolo ndi a kumbuyo, kuti akagulire pa intaneti.

Motero mwini khadi aphimbe dzanja polemba PIN, asalole khadi kucoka pamaso pace, ayang'ane mtengo pa makina asanabvomere, ndipo poturuka aone ngati khadi limene wabwezeredwa nlace. Asalembe PIN pa khadi kapena pa kapepala ka m'cikwama comweco, ndipo asasankhe caka cace cobadwa. Wolakwitsa PIN katatu kawirikawiri atsekeredwa khadi. Asakwiye, pakuti ndico cimene ciletsa mbala kuyesayesa. Khadi likataika auze banki nthawi yomweyo, ngakhale usiku, ndipo cifukwa ca ici nambala ya foni ya banki ilembedwe pa malo ena a m'nyumba.

Pali bvuto lina la m'banja momwe. Mkulu wolandira penshoni, pokhala maso ace afooka, apereka khadi ndi PIN kwa mdzukulu kuti akamgulire ufa. Ndalama zikacepa, banki kawirikawiri sibweza, cifukwa mwini wace adaulula yekha cinsinsi. Nkwabwino kuti mkulu wotere apite pamodzi ndi womthandiza, apemphe banki kuti izimtumizira uthenga pa foni pa kugula kuli konse, ndi kuti icepetse malire a ndalama zoturuka pa tsiku. Ici sicinyoza mdzukulu wokhulupirika, cimcotsera kukaikiridwa. Palinso okongoza ndalama za kaloba amene alanda khadi ndi PIN ngati cikole, kuti pa kutha kwa mwezi adzitapire okha malipiro. Wobvomera zotere wapereka kiyi wa nyumba yace yonse cifukwa ca ngongole ya tsiku limodzi, ndipo ana ace adya zotsala.

Mau otsiriza

Malonda a khadi ayenda paulendo pawiri. Mau ayenda msanga, ndipo ndalama zitsata pambuyo. Wogula walipira pamene makina a sitoro abvomera. Wogulitsa walandira pamene ndalama zalembedwa m'akaunti yace. Pakati pa nthawi ziwirizi mlandu uli m'manja mwa mabanki, ndipo ali yense adandaule ku banki yace ali ndi lisiti m'manja. Wosamvetsa kanthu afunse ku banki asanasaine pepala kapena kulandira khadi, pakuti safunsa adadya phula.

Mafunso a kukambirana

1. Kodi ndalama za mwini khadi zikhala kuti, ndipo wotaya khadi acitenji poyamba?
2. Ankhoswe awiri a pa malonda a khadi ndani, ndipo mthenga wapakati agwira nchito yanji?
3. Ngati banki icotsa K2 pa K100 iri yonse, mwini sitoro alandira zingati pa malonda a K1,500?
4. Foni ya wogula inena kuti ndalama zacoka, koma makina a sitoro akana. Wogula acitenji, ndipo wogulitsa acitenji?
5. Kodi banja lingathandize bwanji mkulu wosaona bwino kugwiritsa nchito khadi lace popanda kukaikirana?